KODI MUMADZIDZIWA? PHUNZIRO LA KUDZISANTHULA

Phunziro lathu la mwezi uno likupita kwa inu amayi ndi abambo amene mumakhala pa mabenchi a chipatala cha Chambe, m'boma la Mulanje, kudikira kuti muonane ndi adokotala, ndiponso kwa anzathu a m'zipatala zina zazing'ono za kumidzi. Kawirikawiri timaphunzira za udzudzu, za madzi akumwa, za zimbudzi ndi za katemera wa ana. Lero tiphunzira za munthu mwini wake, ndiye kuti inuyo amene mukuwerenga, kapena amene mukumvetsera wina akukuwerengerani.

Funso loyamba limene adokotala amafunsa wodwala ndi lakuti, "Chikukuvutani n'chiyani?" Lachiwiri ndi lakuti, "Chinayamba liti?" Mafunso awiriwa ndi apafupi, komabe odwala ambiri sawayankha mokwanira. Wina amati, "Thupi lonse likungophwanya." Akamufunsa za tsiku limene linayamba amati, "Ndi kale ndithu." Tsono adokotala amayeza magazi kufuna malungo, osawapeza, napereka panado. Pakapita masabata awiri munthu uja wabweranso ndi dandaulo lomwe lija. Ndalama ya kabaza yapita kawiri, masiku awiri a kumunda atayika, ndipo vuto likadali pomwepo.

Adokotala ali ndi mzere wautali wa anthu panja, ndipo amakhala nanu mphindi zowerengeka chabe. Zimene zimakuchitikirani muli kudimba, muli pamtondo, kapena mutagona usiku tulo osabwera, iwo sazionako. Mboni yake ndinu nokha. Mboniyo ikapanda kuyang'anitsitsa, mlandu wa thupi lanu uweruzidwa mongoyerekeza.

KUDZISANTHULA N'KUTANI?

Mayi akafuna kuphika nandolo wouma samutsanulira mumphika mmene wachokera m'thumba. Amayamba wamuthira m'lichero, nakhala pansi pamalo owala, n'kumasankha: uyu ndi wabwino, uyu ndi wofumbwa, aka ndi kamwala. Kudzisanthula ndi ntchito yoteroyo, kungoti zimene zili m'lichero ndi masiku a moyo wanu: mmene mwagonera, mmene mwadyera, chimene chinakukwiyitsani, chimene chinakusekererani mtima, nthawi imene mutu unayamba kuwawa, ndiponso chimene chinachitika mutuwo usanayambe.

Ntchitoyi ndi yovutirapo kusiyana ndi mmene imamvekera, pakuti munthu ali pafupi kwambiri ndi iye mwini. Anthu a ku Chambe adziwa msanga chimene tikunena. Thanthwe lalikulu la phiri la Chambe limaoneka lonse kwa munthu amene waima kunsi, pa msewu wopita ku Phalombe. Koma amene wakwera kuchokera ku Likhubula nafika pansonga penipeni, thanthwelo saliona, ngakhale kuti walipondapo. Kuti munthu adzione, ayenera kufutuka pang'ono ndi kudziyang'ana monga mmene angayang'anire mnansi wake: mwachidwi, mwachifundo, koma mosabisa kanthu.

KUGANIZA KWAMBIRI NDI CHINTHU CHINA

Wina anena kuti, "Ine ndimachezera kuganiza usiku wonse. Kodi kumeneko sindiko kudzisanthula?" Iyayi, ndipo pamenepa tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ambiri amasokoneza zinthu ziwirizi.

Kuganiza kwambiri kuli ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Imayenda tsiku lonse, imatopa, koma dzuwa likamalowa ili pamalo pomwe paja, ndipo msipu wozungulira chikhomocho watha. Munthu woganiza kwambiri amabwereza funso limodzi lopanda yankho: "Chifukwa chiyani zimenezi zagwera ine? Ndinalakwanji?" Amaganiza za ngongole ya kubanki m'khonde, nalumphira ku fizi ya mwana, nalumphira ku mawu amene apongozi ananena chaka chatha, n'kubwereranso ku ngongole ija. Tambala akamalira palibe chimene wamanga.

Kudzisanthula kuli ndi poyambira ndi pothera. Kumatenga nkhani imodzi, osati zonse pamodzi. Mafunso ake ndi oyankhika: Chachitika n'chiyani? Ndinamva bwanji m'thupi ndi mumtima? Ndinachita chiyani? Pa zimenezi, n'chiti chimene chili m'manja mwanga? Munthu akamaliza amadzuka ali ndi kanthu kamodzi koti achite mawa, ngakhale kakhale kakang'ono.

Kuganiza kwambiri kumadwalitsa thupi, ndipo njira yake ndi yodziwika. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa timadzi tina m'magazi timene timafulumizitsa mtima, kulimbitsa minyewa ndi kuchedwetsa ntchito ya m'mimba. Zimenezi n'zothandiza mukakumana ndi njoka pa njira, popeza zimakupatsani mphamvu yothawira, ndipo njokayo ikapita thupi limabwerera mwakale. Koma nkhawa ya ngongole sichoka monga njoka. Imakhala masabata, ndipo masabata onsewo mtima umagunda msanga, minyewa ya m'khosi ndi m'mapewa imakhala yokungika, mutu umalemera, m'mimba mumaotcha, tulo timasowa. Ululu umenewu ndi weniweni, munthuyo sakunamizira. Koma poyeza magazi saupeza, ndipo panado amangoupepuza kwa maola ochepa.

Anzathu a ku Zimbabwe vutoli amalitcha "kufungisisa" m'Chishona, kutanthauza kuganiza kwambiri komweku. M'chaka cha 2006 Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare mu mzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika maganizo. Agogowo sapereka mankhwala ndipo salamula munthu chochita. Amamuthandiza kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankhapo limodzi loti ayambire, ndi kupeza yekha njira yolithetsera. Zotsatira za kafukufuku wa ntchitoyi zinafalitsidwa mu 2016. Patapita miyezi 6, mwa anthu 100 aliwonse amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 okha ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa. Mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50. Taonani kuti chida chachikulu cha agogo aja chinali mafunso, ndipo ena mwa mafunsowo munthu angathe kudzifunsa ali pakhonde pake.

MAFUNSO AMENE ANAYESEDWA KU THYOLO

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linakonza mndandanda wa mafunso 20, wotchedwa SRQ, wothandiza kuzindikira munthu amene maganizo akumusautsa. Yankho la funso lililonse ndi "inde" kapena "ayi", ndipo munthu amayankha poganizira za mwezi umodzi wapitawo. Mafunsowa anamasuliridwa m'Chichewa nayesedwa kwa anansi athu, pa chipatala chachikulu cha boma ku Thyolo, pakati pa amayi obwera ndi ana awo ku katemera. Dr Robert Stewart ndi anzake, amene anachita kafukufukuyo, anafalitsa zimene anapeza mu 2008. Mwa amayi pafupifupi 500 amene anafunsidwa, atatu mwa khumi aliwonse anayankha "inde" pa mafunso 8 kapena kuposerapo, chimene chili chizindikiro chakuti maganizo akuwavutitsa. Anapezanso kuti ana a amayi otere anali ofupikirapo msinkhu poyerekeza ndi ana anzawo a miyezi yofanana.

Amayi amenewa sanapite kuchipatala kukadandaula za maganizo. Anapita ndi ana kusikelo monga mwa masiku onse, ndipo akadapanda kufunsidwa akadabwerera kwawo osanena kanthu. Thyolo ndi Mulanje ndi maboma oyandikana, a minda ya tiyi yofanana ndi mavuto ofanana, kotero sitingayembekeze kuti pa mabenchi a ku Chambe palibe amayi otere.

Zimene mafunsowo amafufuza ndi zinthu zimene aliyense angadzifunse. Kodi mutu umandiwawa kawirikawiri? Kodi chilakolako cha chakudya chachepa? Kodi ndikugona bwino? Kodi ndikudzidzimuka ndi zinthu zazing'ono, kapena manja akunjenjemera? Kodi ndikulira kuposa kale? Kodi zinthu zimene zinkandikondweretsa, monga kwaya, mpira, bawo kapena macheza a pachitsime, zikundikondweretsabe? Kodi ndikulephera kumanga mfundo pa zinthu zapafupi? Kodi ndimakhala wotopa ngakhale sindinagwire ntchito? Kodi ndimadziona ngati munthu wopanda pake? Kodi ganizo lodzichotsera moyo linandifikirapo?

Funso lomalizali lili palokha. Ngati yankho lake ndi "inde", musadikire kuwerenga mayankho enawo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite naye kuchipatala. Mankhwala ophera tizilombo m'munda ndi mankhwala a makoswe achotsedwe m'nyumbamo, akasungidwe kwa wachibale. Ganizo lotere ndi chizindikiro cha matenda, monga kutentha thupi kuli chizindikiro cha malungo, ndipo matendawo ali ndi chithandizo.

KACHITIDWE KAKE

Sankhani nthawi imodzi pa tsiku, yaifupi, yonga imene madzi a tiyi amatenga kuti awire. Madzulo dzuwa lisanalowe ndi bwino kusiyana ndi pa mphasa usiku, popeza mumdima kanthu kakang'ono kamaoneka kakakulu. Khalani pamalo a phee. Yambani ndi thupi, kuchokera kumutu kutsikira kumapazi, kenaka mtima, kenaka zochita zanu za tsikulo. Musafulumire, akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi ikakwana imirirani mukagwire ntchito ina, ngakhale nkhaniyo isanathe. Idzapitirira mawa.

Amene amadziwa kulemba asunge kakope, ndipo mizere iwiri pa tsiku ndi yokwanira. Amene sadziwa kulemba asadandaule. Tengani zitini ziwiri. Tsiku limene mwagona bwino ndi kudzuka ndi mphamvu, ponyani njere ya chimanga m'chitini choyamba. Tsiku limene mutu unawawa, kapena tulo tinasowa, kapena mtima unali wolemera, ponyani nyemba m'chitini chachiwiri. Pakutha pa masabata awiri khuthulani muwerenge. Mtima umaiwala ndiponso umakokomeza: tsiku loipa limachititsa mwezi wonse kuoneka woipa, ndipo tsiku labwino limaiwalitsa masiku khumi a mavuto. Njere za m'chitini sizikokomeza.

Tatchula masabata awiri mwadala. Chisoni cha masiku ochepa ndi gawo la moyo wa munthu aliyense. Koma mtima ukakhala wolemera pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, munthu nataya chidwi pa zinthu zimene ankazikonda, ntchito n'kumamukanika, achipatala amayamba kuganizira za matenda a kukhumudwa. Chimodzimodzinso mayi amene wangobereka kumene: kulira ndi kukwiya msanga m'masiku oyambirira kumachitikira amayi ambiri ndipo kumatha kokha, koma kukapitirira masabata awiri anamwino a kusikelo ayenera kuuzidwa. Muyeso womwewu umagwiranso ntchito pa chifuwa. Kutsokomola kofika masabata awiri, makamaka ngati kukudza ndi thukuta la usiku, kutentha thupi ndi kuonda, n'kofunika kuyezetsa makhololo kuopa chifuwa chachikulu cha TB. Amene ali ndi kachilombo ka HIV asadikire n'komwe masabata awiriwo.

Mukawerenga njere zanu, funsani funso lina lofunika koposa: kodi masiku oipawo akufanana pati? Tiyerekeze mayi amene wapeza nyemba zisanu m'masabata awiri. Poyang'anitsitsa aona kuti zinayi mwa izo zinagwa pa masiku oyandikira msonkhano wa banki m'khonde. Pamenepo wadziwa chinthu chimene jakisoni sangachize, ndipo wadziwanso poyambira: kukakambirana ndi anzake a gulu za kabwezedwe ka ngongole, m'malo mobisala. Mayi wina adzapeza kuti mutu umadza masiku amene wathyola tiyi kapena kulima mpaka masana osadya kanthu ndi osamwa madzi. Wina adzapeza kuti umadza masiku oyandikira kusamba kwake. Mutu ndi umodzimodzi, koma magwero ake ndi atatu osiyana, ndipo chochita chakenso n'chosiyana.

KWA ABAMBO

Abambo ambiri anakula akumva kuti mwamuna salira, motero chisoni chawo chimatulukira pakhomo lina: ukali, kukhala chete, kapena mowa. Bambo wofuna kudzidziwa awerenge masiku amene wamwa pa sabata ndi ndalama zimene zapita, awerenge moona, osachotsera. Kenaka adzifunse: Kodi ndinayesapo kuchepetsa n'kulephera? Kodi ndimapsa mtima akakhala akunyumba andinena za mowa? Kodi ndinadzukapo m'mawa n'kufuna kachasu kuti manja aleke kunjenjemera? Wofika pa kunjenjemeraku asasiye mowa mwadzidzidzi ali yekha kunyumba, chifukwa thupi lozolowera mowa wambiri lingathe kukomoka ndi kuphupha. Apite kuchipatala akamuthandize kusiya bwino.

Za ukali, yang'anani chimene chimachitika m'thupi mawu oipa asanatuluke. Ena amamva kutentha pachifuwa, ena amaluma mano, ena mawu amayamba kukwera. Amene wadziwa chizindikiro chake angathe kutuluka panja chikangoyamba, n'kukabwerera mtima utatsika. Amene sachidziwa amazindikira mbale itasweka kale ndi ana atathawira kwa anansi.

MVULA IKAMAGWA

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali ena mwa maboma amene anavutika koposa ndi madzi osefukira ndi matope ochokera m'mapiri. M'dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira, ndipo ena oposa 500 sanapezeke. Nyumba zina zinamangidwanso, koma mtima suchira pa nthawi yofanana ndi khoma. Alipo anthu okhala m'tsinde mwa phiri amene mvula ikalimba usiku sagona, amene mkokomo wa mtsinje umawanjenjemeretsa, amene amalota madzi. Kuchita tcheru nthawi ya mvula yamphamvu ndi nzeru kwa aliyense wokhala pafupi ndi phiri kapena mtsinje. Koma ngati mantha akukugwirani ngakhale ndi kamvula ka chiperoni, ngati zimene munaona zikumabwerera m'maso mwanu masana ngati zikuchitikanso, dziwani kuti zimenezi zimachitikira anthu ambiri opulumuka ngozi, ndipo sizitanthauza kuti mwachita misala. Pa nkhani yotere musadzikakamize kukumbukira zonse muli nokha. Kungozindikira kuti "mantha angawa anayamba ndi Freddy" n'kokwanira. Zotsalazo mukakambe ndi wachipatala.

ZIMENE SIMUNGAZIONE NOKHA

Kudzisanthula kuli ndi malire ake. Alipo matenda amene amakhala m'thupi zaka zambiri osadzionetsa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lija timati BP, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sankadziwa. Munthu angathe kukhala pansi madzulo aliwonse, nadzifufuza moona mtima, osapeza kanthu, pamene BP yake yadutsa 140/90. Chakudza sichiimba ng'oma: ena amazindikira atafa ziwalo mbali imodzi. Chimodzimodzi kachilombo ka HIV, matenda a shuga akamayamba, ndi khansa ya khomo la chiberekero isanakule. Zimenezi zimadziwika poyezetsa basi. Choncho limodzi mwa mafunso odzifunsa likhale ili: kodi ndinayezetsa liti komaliza? Ngati mwakhala mukuzengereza, dzifunseninso chimene mukuopa, popeza kawirikawiri chotchinga chimakhala mantha, ngakhale pakamwa timanena za kutalika kwa mtunda.

Funso lomweli ndi lothandiza kwa amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a BP koma amadumphitsa masiku. "Ndinaiwala" ndi yankho la pamwamba chabe. Pansi pake pamakhala china: mlendo anali m'nyumba ndipo munachita manyazi, kapena munalibe chakudya, kapena munali paulendo wa kumaliro, kapena mwangotopa nawo mankhwalawo. Chilichonse mwa zifukwa zimenezi chili ndi njira yake, ndipo alangizi a zaumoyo angakuthandizeni pokhapokha atamva chifukwa chenichenicho.

Palinso makhalidwe athu amene anzathu amawaona ife osawaona. Sankhani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kaya ndi ankhoswe, kaya mkulu wa mpingo kapena wa kumzikiti, kaya mnzanu wa kalekale, mumufunse kuti, "Kodi mwaona kusintha kulikonse pa ine miyezi ino?" Akayamba kuyankha musamudule pakamwa ndi kudziteteza. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mawu akewo mukawaike m'lichero limodzi ndi zimene mwapeza nokha. Ena adzakhala oona, ena ayi.

Ndipo posankha m'licheromo musatole zofumbwa zokhazokha. Ena akayamba kudzifufuza amasanduka oweruza ankhanza, n'kumadzitukwana ndi mawu amene sangayerekeze kuuza mnansi wawo. Kuteroko kumabwezera munthu ku chikhomo cha mbuzi chija. Dzifunseninso kuti: Ndi mavuto ati amene ndinadutsamo kale, ndipo ndinadutsa bwanji? Ndani anandithandiza? Ndi ntchito iti imene manja angawa amaidziwa? Mayi amene analera ana m'chaka cha njala cha 2002 ali ndi luso lopirira ndi lopeza njira, ngakhale iye mwini salitchula.

MUKALOWA M'CHIPINDA CHA ADOKOTALA

Nthawi imene mwakhala pa benchi kudikira ndi yabwino kukonzekera mawu anu. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati muli ndi kakope kaja katengeninso. Mukalowa nenani chimene chikukuvutani koposa, tsiku kapena sabata limene chinayamba, chimene chimachikulitsa kapena kuchichepetsa, ndi mankhwala onse amene mwamwa kale, a kugolosale ndi azitsamba omwe. Za tulo, za chakudya ndi za mtima zitchuleni ngakhale musanafunsidwe. M'malo mwa "thupi likuphwanya", munganene kuti, "Adokotala, mutu wandiwawa masiku asanu ndi limodzi m'masabata awiri apitawa. Tulo ndimadzuka nato pakati pa usiku osagonanso. Zinayamba mwezi umene amuna anga anapita ku Joni, ndipo ndikuganiza kwambiri."

Adokotala adzakuyezani ndithu, pakuti kuchepa kwa magazi, malungo ndi matenda ena amathanso kufooketsa munthu motere. Akapeza kuti gwero lake ndi maganizo, angakupatseni uphungu pomwepo, kapena kukutumizani ku chipatala chachikulu cha boma ku Mulanje kumene kuli anamwino ophunzira za matenda a maganizo. Odwala ochepa okha, amene matenda awo akula kwambiri, ndiwo amatumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ochuluka amathandizidwa akugona kwawo ndi kulima minda yawo. Mukapatsidwa mankhwala a matenda a kukhumudwa, dziwani kuti sagwira ntchito tsiku lomwelo monga panado. Amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti kusintha kuyambe kuoneka, ndipo sayenera kusiyidwa popanda kufunsa achipatala. Pitirizani kuponya njere m'zitini zija masabata amenewo, ndipo pa tsiku limene anakulemberani kuti mubwerenso mukawauze adokotala kuti chimanga chinali chingati ndipo nyemba zinali zingati.